Dishi ilipo, dikoda yayaka, koma BBC kulibe: kuthana ndi vuto la TV ya ku Britain muli kunja

Munthu akamasamuka ku Britain, kaya akupita ku Dublin, ku Lille, ku Frankfurt, ku Alicante kapena akubwerera kwathu ku Lilongwe, dikoda ya Sky (TV yolipira) kapena ya Freesat (TV yaulere ya pa setilaiti) nthawi zambiri imalowa nawo m'katundu. Akafika amakhoma dishi, kulumikiza chingwe, kuyatsa TV, basi pa sikirini n'kungolemba kuti siginolo palibe. Wina amaonera bwinobwino masana onse, koma kukangoda chithunzi chimayamba kusweka timabokosi, mawu n'kumadukaduka. Wina amapeza matchanelo a maulaliki ndi a otsatsa malonda ali mbee, koma BBC One, ITV ndi Channel 4 kuli zii. Mavuto atatuwa amaoneka ngati amodzi koma magwero ake ndi osiyana, ndipo ndalama zambiri zimatayika chifukwa anthu amathamangira kugula dikoda ina asanadziwe pamene pavuta. Dikoda ndiyo imalakwa kamodzikamodzi. Chimene chimalamula kwambiri ndi malo amene nyumba yanu ili pa mapu.

Yambani ndi mapu, osati sipanala

Matchanelo a ku Britain amatsika kuchokera pa masetilaiti atatu, Astra 2E, Astra 2F ndi Astra 2G, a kampani ya SES ya ku Luxembourg. Onse atatu anaikidwa malo amodzi, pa madigiri 28.2 kum'mawa, mtunda wa makilomita pafupifupi 35,786 pamwamba pa ikweta. Setilaiti siimwaza siginolo paliponse. Imachita ngati tochi usiku: pamene yalunjika pamawala kwambiri, m'mbali kuwala kumazilala, ukapitirira apo ndi mdima. Masetilaiti amenewa ali ndi mabimu angapo, bimu kukhala kuwala kwa tochi koteroko. Pali bimu yotakata imene imafika mbali yaikulu ya Ulaya, ndipo pali ina yopapatiza imene anailunjikitsa pa Britain ndi Ireland. BBC, ITV, Channel 4 ndi Channel 5 zili pa bimu yopapatizayo.

Anachita dala. BBC ikagula filimu kapena ufulu woonetsa mpira, imalipira kuti ionetse anthu a ku Britain okha. Kale inkatseka matchanelo ake kuti aoneke ndi khadi basi, koma mu 2003 inasiya kutseka n'kusamukira pa Astra 2D, imene bimu yake inali yaing'ono. Mpanda umene unali pa khadi unasamukira pa bimu. Mu 2012 matchanelowa anawasungiza kwa kanthawi pa Astra 1N, ndipo anthu a kum'mwera kwa France ndi ku Spain anasangalala chifukwa siginolo inkafika ngakhale ndi madishi ang'onoang'ono. Chisangalalocho sichinakhalitse. Mu February 2014 BBC ndi ITV zinasamukira pa Astra 2E, ndipo mabanja ambiri a ku Costa del Sol ku Spain ndi ku Algarve ku Portugal anadzuka m'mawa n'kupeza sikirini yakuda pa dishi imene inagwira ntchito dzulo lake.

Mbiri imeneyi ndi yofunika pa chifukwa chimodzi: malangizo ambiri amene mungapeze pa intaneti analembedwa 2014 isanafike. Mukaona wina akunena kuti dishi ya masentimita 90 ikukwanira ku Malaga, onani chaka chimene analemba.

Mmene zinthu zilili tsopano, ku Ireland konse siginolo ndi yamphamvu, ndipo dishi ya masentimita 60 yonga imene amagwiritsa ntchito ku Scotland imakwanira. Ku Belgium, ku Netherlands ndi kumpoto kwa France dishi ya masentimita 60 mpaka 80 imagwira. Mukamatsikira kum'mwera kwa France mumayamba kufuna ya mita imodzi kapena kuposa. Ku Germany zimatengera mbali: kumadzulo, kufupi ndi malire a Netherlands ndi Belgium, n'zotheka ndithu, koma mukamapita kum'mawa siginolo imagwa mofulumira kwambiri. Ku Spain nkhani yake njosokoneza, chifukwa siginolo siichepa mwadongosolo. Madera ena a ku Costa Blanca amaonera ndi dishi yoposa pang'ono mita imodzi, pamene kum'mwera kwenikweni kwa dzikolo ngakhale ya mamita atatu imalephera. M'mphepete mwa bimu muli timalo tina tamwayi ndi tina topanda kanthu, ndipo makilomita 50 okha amatha kusintha zonse.

N'chifukwa chake mapu a bimu musawakhulupirire kwambiri mukakhala m'mphepete. Umboni weniweni uli pa madenga a anzanu. Yendani m'dera lanulo, onani madishi amene aloza kum'mwera chakum'mawa kusiyana ndi ena onse, funsani eni ake kuti ndi aakulu bwanji komanso ngati BBC imakhalapo mvula ikamagwa. Funso lachiwirili ndilo lenileni. Aliyense amayankha kuti imagwira, koma ambiri amatanthauza tsiku la dzuwa.

Kwa amene mwabwerera kwathu

Apa tisazungulire. Ku Malawi, ku Zambia, ku Tete, ku Harare kapena ku Johannesburg, dikoda ya Freesat kapena ya Sky siidzakupatsani BBC One, dishi ikule bwanji. Chodabwitsa n'chakuti masetilaitiwo ali kufupi ndi ife kuposa ndi azunguwo. Mzere wa madigiri 28 kum'mawa umadutsa pa Lusaka ndi pa Pretoria, ndipo munthu ali ku Lilongwe setilaitiyo ili pafupifupi pamutu pake, madigiri oposa 70 kuchoka pansi, pamene wa ku London amaiona chapansipansi pa madigiri 25. Koma tochi ija yaloza kumpoto, ifeyo tili kumbuyo kwake. Mmisiri akakuuzani kuti mugule dishi yaikulu ya mamita awiri kapena atatu ndipo adzakukokerani ITV, sungani ndalama zanu.

Chimene chilipo kuno ndi matchanelo amene BBC inakonzera maiko akunja, monga BBC News, BBC Earth, BBC Lifestyle ndi CBeebies, amene amapezeka pa DStv, ndipo mpira wa Premier League uli pa SuperSport. Madishi a DStv ku Malawi ndi ku Zambia amaloza pa Eutelsat pa madigiri 36 kum'mawa, a ku South Africa pa Intelsat 20 pa madigiri 68.5. Dikoda ya ku Britain siingatsekule matchanelo amenewa. Zotsalazi m'munsimu ndi za amene ali ku Ulaya, ngakhale za zingwe ndi mvula zimagwiranso ntchito pa dishi iliyonse.

Sikirini ikuti siginolo palibiretu

Lowani m'menyu ya dikoda, pezani tsamba limene limaonetsa mizere iwiri, wina wolembedwa Strength wina Quality. Mizere iwiriyi imanena zinthu zosiyana, ndipo amene waimvetsa wathetsa theka la vuto. Strength imangokuuzani kuti kachipangizo ka kutsogolo kwa dishi, LNB, kali moyo ndipo kakutumiza kanthu m'chingwe, ngakhale kanthuko katakhala phokoso chabe. Quality ndiyo imanena ngati zimene zikubwerazo dikoda ikutha kuziwerenga.

Mizere yonse iwiri ikakhala pa ziro, dishi musaikhudze. Vuto lili pakati pa dikoda ndi LNB. LNB ilibe magetsi akeake, imadya amene dikoda imatumiza kudzera m'chingwe chomwecho, mavolti 13 kapena 18. Zimitsani dikoda pakhoma penipeni, masulani kapulagi kozungulira ka kumbuyo, muyang'ane m'kati. Kawaya kamkuwa ka pakati kayenera kutulukira pang'ono ndipo kasakhudzane ndi timawaya tating'ono tasiliva tozungulira. Kaulusi kamodzi kokha kakakhudza, magetsi amashota ndipo dikoda imadula yokha. Ili ndi vuto lofala kwambiri pambuyo posamuka, chifukwa mapulagi amakhala atakokedwakokedwa. Ngati muli ndi mita yoyezera magetsi, yatsani dikoda muyeze kumapeto kwa chingwe kudenga. Mavolti akafika koma mizere ili chete, LNB yafa. Akapanda kufika, chingwe chaduka penapake, kapena m'menyu mphamvu ya LNB yazimitsidwa, zimene zimachitika pa madikoda wamba munthu akawabwezera mmene anachokera ku fakitale.

Strength ikakhala pamwamba koma Quality ili pa ziro, ndiye kuti dishi ikuyang'ana kolakwika, kapena pali chimene chatchinga. Kumwambako masetilaiti ali pa mzere, motalikirana madigiri ochepa okha: Hot Bird pa 13, Astra ya matchanelo a Chijeremani ndi Chifalansa pa 19.2, ina pa 23.5, Badr ya matchanelo a Chiarabu pa 26, kenako yathuyi pa 28.2. Timita totchipa tolira tija timalira pa setilaiti iliyonse, ndipo ku Ulaya imene imalira kwambiri ndi ya pa 19.2. Anthu ambiri amamanga mabawuti pamenepo n'kumadabwa. Mukapeza kuti mwagwira 19.2, imani kumbuyo kwa dishi, muisunthire kumanzere, kumene ndi kum'mawa, pang'onopang'ono, n'kuitsitsa pang'ono. Musamayendetse ngati mukupukusa chiwongolero. Sunthani pang'ono, dikirani masekondi asanu kuti dikoda iwerenge, kenako sunthaninso.

Za zotchinga: setilaitiyi ku Ulaya imaoneka chapansi, madigiri 21 ku Dublin, pafupifupi 29 ku Paris, 33 ku Madrid. Kumpotoko mtengo kapena nyumba imene yatalika mamita asanu kuposa dishi iyenera kukhala kutali mamita oposa khumi. Madishi ambiri amakono amanyenga maso, amaoneka ngati ayang'ana kutsogolo chabe pamene kwenikweni akuyang'ana madigiri oposa 20 m'mwamba, choncho khoma limene mukuliopa mwina silikutchinga kanthu, pamene nthambi ya pamwamba kapena mlomo wa denga ndiwo ukudya siginolo. Ngati TV inali bwino nyengo yozizira yonse n'kuyamba kuvuta mu April kapena May, yang'anani mtengo umene waphuka masamba.

Matchanelo ena alipo, ena kulibe

Apa pamafunika kuleza mtima ndi pepala. Lembani matchanelo amene akuoneka ndi amene asowa, chifukwa mndandandawo ndiwo ukuuzeni chimene chavuta.

Ngati mukuona matchanelo a mapemphero, a malonda ndi ena a maiko akunja, koma 101 mpaka 105 (BBC One, BBC Two, ITV, Channel 4 ndi Channel 5) palibe, dishi yanu yaloza setilaiti yolondola, LNB ili moyo, dikoda ilibe mlandu. Mukugwira bimu yotakata ija, koma yopapatiza ikukufikani mofooka. Pali zinthu ziwiri zoyesa musanagule dishi ina. Choyamba ndi kukonzanso kalozedwe mukuyang'ana Quality ya tchanelo chofookacho, osati ya champhamvu. Amisiri othamanga amaloza dishi ndi tchanelo champhamvu, chikaoneka n'kumanga mabawuti, chonsecho dishi yaphonya pang'ono. Chachiwiri ndi kapotoledwe ka LNB. Siginolo imabwera m'mitundu iwiri, yoimirira ndi yogona, zimene pa mndandanda wa mafrikwensi amalemba V ndi H. Popeza setilaiti ili kum'mawa kwa inu, mitundu iwiriyi imafika itapendekeka, ndipo LNB iyenera kupendekeka mofanana. Mukamapita kumadzulo ndi kum'mwera, monga ku Portugal ndi ku Spain, kupendekekako kumakula. Masulani pang'ono kolala imene yagwira LNB, muipotoze pang'onopang'ono uku wina akuwerenga Quality m'nyumba, muyesenso kuikankhira kutsogolo kapena kumbuyo mamilimita ochepa. Ntchito ya mphindi khumi imeneyi ndi yaulere, ndipo m'madera a m'mphepete imabweza matchanelo amene munthu anali atawataya mtima.

Zikakanika, ndiye dishi yachepa, ndipo palibe china chingalowe m'malo mwa chitsulo. Dishi ya masentimita 120 imatola siginolo kanayi kuposa ya 60, chifukwa chimene chimawerengedwa ndi kukula kwa nkhope yonse. Koma dziwani zimene mukudziitanira. Dishi yaikulu imaona kampata kakang'ono: ya masentimita 60 imakhululuka mukaphonya digiri imodzi, ya mamita 1.8 ikaphonya theka la digiri chithunzi chapita. Imagwiranso mphepo kwambiri, moti imafuna mzati wonenepa ndi maziko a simenti, osati kabulaketi ka pakhoma. Ndiponso LNB iyenera kugwirizana ndi dishi. Ija ya pa kadishi ka Sky kooneka ngati dzira anaipangira dishi ya mtundu umenewo, mukaiika pa dishi yozungulira mumataya siginolo. Madishi akuluakulu amene LNB yake imakhala pakatikati penipeni amafunanso mtundu wawo.

Ngati matchanelo osowawo onse ali a H, kapena onse ali a V, nkhani ndi ya magetsi. Dikoda imauza LNB kuti itenge V poitumizira mavolti 13, ndipo H poitumizira 18. Chingwe chikakhala chachitali kwambiri, chopyapyala kapena cholowa madzi, mavolti 18 aja amafika atachepa, LNB n'kumangokhala pa V. Sinthani chingwe, muike cha mkuwa weniweni chonga WF100, chopanda zolumikiza pakati. Zikapitirira, sinthani LNB.

Ngati osowawo onse ali pamwamba pa 11,700 MHz, kapena onse pansi pake, vuto ndi kaphokoso ka 22 kHz kamene dikoda imatumiza kuti LNB isinthe chigawo. Pa dikoda wamba onani kuti mtundu wa LNB walembedwa Universal, ndi manambala 9750 ndi 10600. Matchanelo ambiri a BBC ali m'chigawo cha pansi, choncho kaphokosoka kakakakamira koyaka, BBC ndiyo imayamba kusowa, munthu n'kuganiza kuti bimu yamuthawa.

Pali msampha wina umene wagwira ambiri ochokera ku Britain posachedwapa. Dikoda ya Sky yotchedwa Sky Q imagwiritsa ntchito LNB ya mtundu wina, wideband, imene imatumiza H pa chingwe chimodzi ndi V pa chinzake. Mukachotsa dishi ya Sky Q n'kukailumikiza ku dikoda wamba kapena ku Freesat yakale, mupeza matchanelo ochepa osokonekera kapena osapeza kanthu. Madikoda a Freesat a 4K amene anatuluka mu 2020 amalandira mitundu yonse iwiri. Ena ambiri amafuna LNB ya Universal, imene mtengo wake ndi wochepa.

Chithunzi chimasweka madzulo, kapena mvula ikayamba

TV ya digito ilibe pakati. Siginolo ikakwanira chithunzi chimakhala changwiro, ikatsika pang'ono pansi pa mlingo chimasweka kenako kuzima. Munthu akhoza kukhala zaka akuonera bwino osadziwa kuti watsala pang'ono kugwa, mpaka tsiku limene kanthu kakang'ono kadzachotse kotsalako.

Mvula imamwa siginolo ya mafrikwensi amenewa. Chimvula champhamvu cha mabingu chimazimitsa ngakhale dishi ya pakati pa London kwa mphindi zingapo, ndipo pamenepo palibe chochita koma kudikira. Nthawi zina TV imazima mvula isanafike pakhomo panu, chifukwa mtambo wakuda uli kum'mwera chakum'mawa kumene dishi yaloza. Koma ngati kamvula kowaza kokha kakukuzimitsirani, ndiye kuti mulibe siginolo yapadera yosungira. Bwererani ku kalozedwe, kapotoledwe ka LNB, kenako kukula kwa dishi.

Onetsetsani nthawi imene vuto limayamba ndi imene limatha. Likayamba ndi mvula n'kutha mvula ikangosiya, ndi mitambo. Likayamba mvula itagwa kale n'kukhala masiku awiri kapena atatu, madzi alowa m'chingwe kapena mu LNB. Kwerani mukamasule pulagi ya kudenga. Mukapeza mkuwa wada kapena wachita ndere zobiriwira, dulani chingwe mpaka pamene pali powala, ikani pulagi yatsopano, mukulunge ndi tepi ya rabala yodzimata yokha. Tepi wamba yamagetsi imamatuka ndi dzuwa. Madzi amayenda m'kati mwa chingwe mamita angapo, mwina mpaka kukafika ku dikoda, choncho ngati mukudula koma mukupezabe chinyezi, chotsani chonse. Yang'ananinso kachivundikiro kapulasitiki ka kumaso kwa LNB. Dzuwa la ku Spain ndi ku Portugal limakaphwanya m'zaka zochepa, ndipo mng'alu wosaoneka bwino umalowetsa madzi ndi akangaude.

Kusweka kwa nthawi yofanana tsiku ndi tsiku, kumwamba kuli kowala, ndi chizindikiro cha anthu a m'mphepete mwa bimu. Setilaiti siima chilili, imagwedezeka pang'ono m'kadera kake pa maola 24 aliwonse. Amene ali pakati pa bimu samva kanthu, koma wa m'mphepete amaona Quality ikukwera ndi kutsika ngati ili ndi wotchi. Lembani Quality m'mawa, masana, madzulo ndi usiku kwa masiku angapo, ndipo dishi muikonze pa ola limene siginolo imakhala yofooka kwambiri. Mmisiri amene wabwera 10 koloko m'mawa n'kukuonetsani chithunzi chokongola sanakutsimikizireni kanthu za 8 koloko usiku. Gwirizanani kuti ndalama yomaliza mupereka mutaonera madzulo angapo.

Kawiri pa chaka, chakumapeto kwa February kulowa March, komanso mu October, dzuwa limadutsa kumbuyo kwenikweni kwa setilaiti. Phokoso la dzuwa limakwirira siginolo kwa mphindi zochepa m'mawa, masiku angapo otsatizana, kenako zimatha zokha. Musaitane munthu. Chipale chofewa chikaunjikana pa dishi, chotsani ndi tsache mosamala, osamenya, kuopa kuisuntha. Ndipo pambuyo pa mphepo yamkuntho, gwirani m'mphepete mwa dishi muikankhe pang'ono ndi chala mbali zonse zinayi wina akuyang'ana Quality. Ikakwera pamene mwakankhira mbali ina, mwadziwa kumene mphepo inaipititsa.

Dikoda yakale ndi nkhani ya HD

Ngati zonse zinali bwino mpaka mu January 2024, kenako matchanelo a BBC okha n'kuchoka, siyani dishi. Mwezi umenewo BBC inatseka matchanelo ake a SD, a chithunzi wamba, pa setilaiti n'kutsala ndi a HD okha, a chithunzi chooneka bwino kwambiri. Dikoda imene siidziwa DVB-S2, njira imene matchanelo a HD amatumizidwira, monga madikoda oyambirira a Sky ndi a Freesat a SD a m'ma 2008, siingawaone. Apa pokha ndi pamene kugula dikoda ina kuli yankho. Dziwaninso kuti pamalo ofooka tchanelo cha HD chimatha kufuna siginolo yoyera kuposa mmene cha SD chinkafunira, moti ena anagula dikoda yatsopano n'kupeza kuti dishi nayo yachepa.

Mafrikwensi amasinthanso nthawi ndi nthawi. Madikoda a Freesat ndi a Sky amadzikonza okha usiku, bola muwasiye pa standby osati kuzimitsa pakhoma. Dikoda wamba siidziwa kuti tchanelo chasamuka, muyenera kusakanso nokha. Freesat ikamayamba imafunsa postcode ya ku Britain kuti idziwe BBC One ndi ITV ya chigawo chiti ikupatseni. Ikani ya kumene munkakhala. Ikakana postcode yolondola, kawirikawiri si postcode yalakwa, ndi siginolo imene ikulephera kubweretsa mndandanda wa matchanelo.

Khadi la Sky ndi nkhani ina. Mgwirizano wa Sky ndi wa anthu okhala ku Britain ndi ku Ireland, ndipo kampaniyo ikadziwa kuti dikoda ili kwina ili ndi ufulu wodula. Matchanelo akuluakulu asanu aja safuna khadi konse, choncho ngati cholinga chanu ndi nkhani za madzulo ndi masewero a pa BBC ndi ITV, palibe chifukwa cholipirira munthu wapakati amene akubwereketsa adiresi ya ku Britain. Amene muli ku Dublin kapena ku Cork pa Sky ya ku Ireland mudzaona kuti ITV palibe pa mndandanda, koma siginolo yake ilipo, mungathe kuiwonjezera pamanja m'menyu. Ambiri kumeneko amangogula dikoda yophatikiza setilaiti ndi Saorview, TV yaulere ya ku Ireland ya pa eriyo, kuti RTÉ, wailesi ya kanema ya dzikolo, ndi BBC zikhale pa rimoti imodzi. Laisensi ya TV ya ku Ireland, mayuro 160 pa chaka, imafunikabe ngakhale mutamaonera za ku Britain zokhazokha.

Okhala m'mafulati

Soketi ya setilaiti ya pakhoma m'fulati ya ku Germany, ku France kapena ku Spain imachokera pa dishi ya nyumba yonse, ndipo dishi imeneyo pafupifupi nthawi zonse yaloza pa 19.2 kapena pa Hot Bird. Mukalumikiza Freesat pamenepo mudzaona Strength yambiri, Quality ziro, ndipo palibe batani limene lingasinthe zimenezo. Nyumba zina zili ndi makina ogawa siginolo pa chingwe chimodzi, Unicable, amene madikoda ambiri a ku Britain sawamva. Njira ndi dishi yanuyanu pakhonde, ngati khondelo layang'ana kum'mwera chakum'mawa. Funsani kaye mwini nyumba kapena komiti ya eni mafulati musanaboole khoma. Dishi yoima pa mwendo wake, yotsinikizidwa ndi masilabu a simenti, imavuta kuikana kusiyana ndi yokhomera. Kuika dishi m'kati kuseri kwa zenera sikuthandiza kwenikweni, chifukwa magalasi amakono osunga kutentha ali ndi kachitsulo kopyapyala kamene kamatchinga siginolo.

Zimene amalonda angakuuzeni

Ampulifaya yoika pa chingwe imathandiza pokhapokha chingwe chikatalika kwambiri, mamita 40 kapena 50 kupita m'tsogolo. Imakweza Strength, koma imakweza siginolo ndi phokoso limodzi, Quality n'kukhala pomwepo. LNB zolembedwa 0.1 dB pa katoni musatengeke nazo, manambala amenewo ndi okopera ogula. LNB yabwino imathandiza pang'ono ndithu m'mphepete mwa bimu, koma siisandutsa dishi ya masentimita 80 kukhala ya 120.

Kumene bimu siifika kwadzaza ogulitsa timabokosi ta intaneti tolonjeza matchanelo onse a ku Britain ndi mpira wonse pa mtengo wa chaka wochepa modabwitsa. Ambiri mwa amenewa alibe chilolezo. Amazima pakati pa mpira waukulu chifukwa aliyense walowa nthawi imodzi, amatsekedwa popanda chenjezo, ndipo ndalama ya chaka imene munalipiriratu siibwera. Mwawapatsanso nambala ya khadi lanu la kubanki. BBC iPlayer, yoonerapo BBC pa intaneti, ndi ya anthu amene ali ku Britain ndipo ali ndi laisensi, ndipo lamulo la EU limene linkalola munthu kuyenda ndi zimene analembetsa pa intaneti kwawo linasiya kukhudza Britain pa 31 December 2020. Za VPN, zobisa dziko limene munthu ali pa intaneti, anthu amachita, koma n'zosemphana ndi malamulo a iPlayer, ndipo BBC imatseka maadiresi a makampani amenewo kawirikawiri, moti lero zigwira mawa zikana. Chimene chili chololedwa ndi kufunsa makampani a TV a dziko limene muli. Ku Netherlands ndi ku Belgium, mwachitsanzo, BBC One ndi BBC Two zakhala zikupezeka pa TV ya chingwe kwa zaka zambiri.

Musanathire ndalama zambiri pa dishi ya mamita awiri ndi maziko ake, ganiziraninso za nthawi. Astra 2F inakwera mu 2012, 2E mu 2013, 2G mu 2014, ndipo masetilaiti otere amawapangira zaka pafupifupi 15. Sky inawonjezera mgwirizano wake ndi SES mpaka 2029, koma makasitomala atsopano ikuwakankhira ku Sky Glass ndi Sky Stream, zimene sizifuna dishi, ndipo mu 2024 BBC, ITV, Channel 4 ndi Channel 5 anayambitsa Freely, yodzera pa intaneti. Kwa wa ku Dublin kapena ku Calais, amene dishi yake ndi yaing'ono ndi yotchipa, izi sizisintha kanthu, ikani muonere. Kwa wa kum'mwera kwa France kapena ku Valencia, amene akufunika chitsulo chachikulu, mmisiri ndi chilolezo cha eni nyumba, gawani mtengo wonsewo ndi zaka zimene zatsala kufika 2029, muone ngati mukugwirizana nayo nambala imene ituluke.